Uvuni Wotsegula Sausiya

Lachiwiri, 5 Novembala 2024

Lero ndabwerera pantchito yanga yokonza njinga. Pansi pa mtengo wa mango womwe uja pa Nsanama, pampu yomweyo, beseni lomwelo loyezera machubu. Anthu akupereka moni motsitsa mawu ngati ndine wodwala. Anyamata a kabaza sanandiseke ngakhale kamodzi. Bola akanaseka.

Guluu watsala pang'ono. Dzuwa likuswa mtengo.

Ndilembe zimene ndikudziwa, mutu wayamba kutaya zinthu. Mkazi wanga Lukiya anamwalira Lolemba pa 21 Okutobala. Ine ndinali kwathu ku Phalula, kufolera nyumba ya amayi mvula isanagwe. Madzulo foni, alamu a Sadiki, achimwene ake a Lukiya. "Alamu, bwerani. Kwagwa zovuta." Ndinafika m'mawa mwake, amayi a kumzikiti atamusambitsa kale, atamukulunga m'sanda. Ndinaona nkhope yokha. Kuno maliro sachedwetsa. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titabwerako kumanda.

Akuti anapita kukatola nkhuni kumunsi kwa phiri. Songo. Akuti inamuluma pamwendo, anakuwa, alamu anamva ali kumunda, anamukweza panjinga, tayala linaphulika panjira, anatsirizika asanafike kumsewu. "Songo sipereka mpata, alamu. Ngakhale inu mukanakhalapo."

Mawu amenewo ndi amene ndikuyendera ngati ndodo.

A Sadiki. Ndi amene anandiyankhulira kwa makolo awo pamene ndinabwera kudzafunsira, ine Mkhristu wa ku Balaka wopanda ndi mbuzi yomwe. Ndi amene anandiphunzitsa kuswali, kupemphera kwa Chisilamu, osandiseka ndikalakwitsa. Kumanda anandigwira mkono kuti ndisagwe. Dzulo abweretsa matemba.

Mwana wathu Sumaiya sakudya. Zaka khumi ndi chimodzi, wangoti zii ngati nkhalamba. Ali ndi bala padzanja, akuti minga. Akugona kwa anganga ake.

Lachisanu, 8 Novembala

Kumzikiti. Pobwerera apongozi andiitana pakhonde. Mawu ofewa. Sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi, ili kumapeto kwa mwezi, ikatha andisudzula, ndibwerere kwathu. Ndimadziwa. Mkamwini aliyense amadziwa. Njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinakhoma ndekha, koma dothi ndi lawo.

Nyumba atenge. Chimanga atenge.

"Mwana ndi wa kuno, bambo a Sumaiya. Amalume ake alipo, amulera."

Mwambo sunayambe ndi ine.

Ndinapempha kuti mwana agone kwathu lero lokha. Akuti ayi, nyumba ya maliro imalotetsa ana. Ndikamuitana kuti andithandize kutunga madzi, mwamsanga anganga ake amutuma kwina. Chiyambire sindinakhale naye awiri. Mwina akundimvera chisoni, sakufuna ndizolowere.

Mmodzi wa a kabaza wayambanso kulankhula ngati kale. "Che Samsoni, tambala wobwereka akatha kulira amabwerera kwawo. Mutisiyire pampu." Anzake amukalipira. Ine ndaseka. Koyamba.

Lolemba, 11 Novembala

Akazi awo a Sadiki abweretsa njinga ya alamu. Mabuleki sakugwira.

Njinga imeneyi ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Palibe wina anaigwirapo chigulireni. Alamu sadziwa ngakhale kuvula tayala, amaseka okha kuti manja awo ndi a nkhwangwa. Ndakonza mabuleki, kenako ndati ndione pamene panaphulika tsiku lija, mwina anangomanga ndi chingwe. Ndavula lakumbuyo. Zigamba zanga zokhazokha, zozungulira, momwe ndimadulira ine. Ndavula lakutsogolo. Chimodzimodzi. Chigamba chatsopano palibe. Chubu chatsopano palibe. Ndapopa, ndamiza m'beseni mbali zonse. Ngakhale kathovu.

Tayala silinaphulike.

Mwina anati kuphwa, ine ndinamva kuphulika. Mwina anabwereka njinga ya wina. Munthu wa maliro samva bwino.

Ndalama ya mabuleki sindinalandire. Sindinayambe ndalandirapo kwa iwo.

Lachitatu, 13 Novembala

A Goliati, alangizi a zaumoyo, abwera ndi tcheni choduka. Munthu wamfupi ngati mtondo, anyamata amawatcha Goliati wa m'thumba, iwo amangoti, "Amene anandipatsa dzina ankayembekezera zambiri." Ndikulumikiza tcheni ndawafunsa za njoka, ngati kucheza chabe.

Akuti songo imagwira mpweya. Zikope kulemera, malovu, lilime kuuma, kenako kupuma kukana. Mphiri ndi ina. Imagona panjira osathawa, ukaiponda ndi pomwe imaluma. Imatupitsa, imaoletsa mnofu, koma nthawi zambiri imapereka mpata. Ofika msanga ambiri amabwerako, ena ndi miyendo yonse, ena ndi umodzi.

Ndawafunsa kuti munthu ukakhala kutchire uchite chiyani. Awerenga pa zala zawo zazifupizo. Wolumidwa akhale pansi, asathamange. Osamanga. Osatemera. Osayamwa. Zibangili ndi mphete kuvula kutupa kusanafike. Mwendo kuugoneka pa kamtengo ngati wothyoka, mosathina. Njoka osaisaka. Anzake amunyamule nthawi yomweyo, kaya panjinga, kaya pachitseko. "Koma anthu athu, Che Samsoni, choyamba ndi legeni ndi lezala. Amafika kwa ife mwendo utafa kale." Akuti ngati wina wamanga kale ndipo papita nthawi, asamasule kutchire, akamasule achipatala.

Ndawafunsa ngati mankhwala a njoka amapezeka nthawi zonse. "Sindikunamizani, pena alipo, pena palibe. Koma dilipi ilipo, magazi alipo, galimoto yopita ku Liwonde ilipo. Kutchire kuli chiyani? Chimene chimatha anthu ndi kudikira."

Kenako akumbukira amene akulankhula naye. Apepesa. Ndati palibe kanthu, yathu inali songo.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndapita kwa Abiti Shukuru, amene anatsogolera posambitsa thupi. Ndawapeza akusenda nandolo. Ndakhala pansi patali monga kuyenera.

"Osambitsa maliro sanena zimene aona, bambo a Sumaiya. Ndi lamulo la Mulungu limenelo, si langa." Ndati ndikudziwa. Ndakhalabe. Nandolo atha m'lichero, ine ndili pomwepo.

Akuyang'ana nkhuku, osati ine, anena kuti iwo asambitsapo anthu awiri a songo, ndipo onse miyendo inali ngati ya munthu wogona. Akuti sanaonepo songo yotupitsa mwendo mpaka m'chiuno, matuza akudakuda, mabala a lezala mzere wonse. Akuti sanaonenso wotola nkhuni amene madzi ake oyamba amatuluka bii ngati otsukira mbaula. M'tsitsi, m'makutu, m'zikhadabo.

"Ine sindinanene kanthu. Ndikucheza ndi nkhuku zanga."

Alowa m'nyumba, atuluka ndi kansanza. Mkati muli legeni, lodulidwa ndi mpeni. Akuti linalowa m'ntchafu mpaka osaoneka. "M'manda sichikanalowa ichi, ndipo sindinadziwe kokachitaya."

Malegeni omangira katundu ndimadula ndine, pa machubu otha ntchito, n'kumapatsa alamu. Pa ili pali theka la chigamba chozungulira.

Ndabwerera osadutsa pamsika. Sindinadye.

Lolemba, 18 Novembala

Ndauza anthu kuti ndikupita ku Ntaja kukagula masipoko. Ndakwera phiri.

Kumunsi kumene amati ankatola nkhuni kulibe nkhuni, kunatha kale. Ndatsata mkukuluzi wa matayala kulowa m'nkhalango ya boma. Zitsa zokhazokha. Ndinkadziwa kuti alamu amaotcha makala, mudzi wonse umadziwa, palibe amanena. Sindinafikeko chikhalire.

Malo ndawapeza. Bwalo lakuda la uvuni wofukula, dothi lopsa launjikidwa m'mbali, zinyenyeswa za makala. Afukula bwinobwino, mwaukhondo, osasiya kanthu. Ntchito ya anthu amene sanali pachangu.

Pambali pali msuku umodzi, anausiya chifukwa cha zipatso. Pansi pake masamba oyala, ouma tsopano, utali wa munthu. Lezala ya dzimbiri. Patapata imodzi yobiriwira, ya kumanzere, lamba wake womangidwa ndi waya. Wayayo ndinamanga ndine mwezi wa Ogasiti, Lukiya akundiseka kuti ndikufuna ayende pa njinga yopanda matayala.

Masuku ayamba kugwa. Agwera pamasamba pomwepo, nyerere zili piringupiringu.

Ndakhala pamenepo. Ukakhala pansi pa msukuwo umaona malata a kumsewu akung'anima. Chigayo chimamveka. Ndatsika mwadala pang'onopang'ono ngati ndikukankha njinga yonyamula munthu. Ndafika pa tala malaya asananyowe ndi thukuta.

Pafupi chonchi, Lukiya.

Chapamwamba pake utsi. Uvuni wina ukupsa kale.

Lachitatu, 20 Novembala

Alamu andiitana kudzadya. Ndapita. Tasamba m'beseni limodzi. Andisankhira mutu wa nsomba monga amachitira nthawi zonse.

Ndimayang'ana manja awo.

Swala sikutheka. Ndikayima, mawu amene anandiphunzitsa ndi iwo amatuluka ndi liwu lawo.

Loweruka, 23 Novembala

Ndaweruka msanga, kasitomala kunalibe. Panjira ya kuchitsime ndakumana ndi Sumaiya yekha, akutsika kuchokera kuphiri. Wopanda nsapato. Manja akuda mpaka m'zigongono. Akuti amalume anamutenga kukathandiza kulonga m'matumba, poti amayi kulibe, pakusowa munthu.

Masiku makumi anayi sanakwane n'komwe. Udzu womwewo, njira yomweyo, mapazi osavala.

Ndamutengera kunyumba osapempha kwa wina aliyense. Ndatenga sopo wa amayi ake wotsala, ndayamba kumusambitsa manja. Madzi bii. Ndati, "Ndinapita pa msuku paja. Patapata ndaitenga." Basi. Zonse zatuluka.

Analipo. Mwana wanga analipo tsiku lonse, ndipo mudzi wonse wandibisira.

Akuti anakwera m'mamawa, iye, amayi ake, amalume ndi akazi awo. Amalume atangoboola uvuni, amayi anapita kukatenga matumba amene anabisa mu udzu, n'kuponda njoka yonenepa, yaifupi, ya mawangamawanga. Amalume anaipha ndi fosholo. Mphiri, anaitchula okha. Anamanga legeni, anawagoneka pamthunzi.

"Amalume anati uvuni wotsegula sausiya, mphepo ikalowa zonse zisanduka phulusa. Anati timalize kaye, sitichedwa."

Akazi awo anatsika kukaitana apongozi. Osati kabaza, osati galimoto. Apongozi anakwera ndi lezala ndi mankhwala akuda a m'kabotolo. Anatemera, magazi osaleka. Ena akufukula, kukwirira ndi dothi kuti azime, kudikira azizire, kulonga, kubisa matumba. Anawakweza panjinga mithunzi itatalika. Anasiya kupuma powoloka kamtsinje.

Sumaiya anamuuza kuti akanena, apolisi atenga amalume ndi anganga, ndipo ine andithamangitsa m'mudzi tsiku lomwelo. Wakhala chete kuti ine ndisachoke. Sanamuuze kuti ndikuchoka ndithu.

Anganga ake abwera kudzamutenga kusanade. Aona beseni, aona nkhope zathu. Amugwira dzanja, apita naye.

Lachiwiri, 26 Novembala

Alamu abwera kudzapopa. Ndadikira anyamata apite kukalanda makasitomala a minibasi. Ndatulutsa legeni, ndaliika pachishalo cha njinga yawo.

Ndimayembekezera kuti akana. Sanakane. Akhala pa chitsa changa, chipewa m'manja.

"Alamu, inu simunaotchepo makala." Ndi mawu oyamba amenewo. Osati pepani.

Akuti mwezi wathunthu akudula, kukoka mitengo, kuunjika, kukwirira, kulondera utsi. Feteleza wa mabanja atatu anali mu uvuni umenewo. Akuti sanamusiye, anamanga, anatemera, anathira mankhwala, zonse zimene anthu amachita. Bambo awo analumidwa kawiri, anachira ndi zomwezo. Akuti masana a zankhalango amakhala kumsewu, ukatsika ndi munthu wakuda makala thupi lonse, afunsa wachokera kuti.

Ndafunsa za songo, za tayala. "Tinati mtima wanu upepuke."

Kenako ichi. "Lukiya mwini wake ndi amene anati, achimwene malizani kaye, theka ndi langa."

Theka lake. Akuti chaka chachiwiri chino ali nawo limodzi. Ankasunga za sekondale ya Sumaiya.

Lukiya anandilonjeza. Chaka chimene a zankhalango anathyola mwana wa a Bakali a m'mudzi muno mkono, ndinamupempha kuti asakwereko, iye anagwira Kurani. Mapoto atsopano aja, yunifolomu, nsapato zanga za pa Idi, ankati ndi phindu la zitumbuwa. Ine kumanyadira kuti mkazi wanga ali ndi dzanja la malonda. Ndikapita ku Phalula, iye kuphiri.

Sindikudziwa ndikwiyire ndani poyamba. Amoyo alipo ambiri. Wakufa ndi mmodzi, ndipo sangayankhe.

Alamu pochoka aiwala kupopa. Akankha njinga mpaka kukhota.

Lachitatu, 27 Novembala

Ndamupeza Sumaiya pachitsime. Ndamufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati amayi ake ananenadi kuti amalize kaye.

"M'mawa ananena. Masana anasiya. Ankangoitana inu."

Lachinayi, 28 Novembala

Mawa sadaka. Mpunga wafika, mbuzi yamangidwa pa mpoza. Azimayi akusenda anyezi pakhomo panga, akuseka. Ndani mwa iwo sakudziwa?

Mlongo wanga Tamara waimba foni. Abwera ndi amalume athu kudzaimira mbali yathu. Ndamuuza zonse. Wakuwa mpaka foni kulira m'khutu. "Achimwene, kupolisi! Lero lomwe! Anthu amenewo anaphika mlamu wanga ngati mbatata!"

Ndaganiza tsiku lonse ndikumata machubu. Ndikapita kupolisi, mboni ndani? Abiti Shukuru adzati amacheza ndi nkhuku. Atsala Sumaiya, kuyima pamaso pa anthu kuloza anganga ake. Alamu akamangidwa, mwana akhalabe kuno, m'nyumba ya anthu amene wawamangitsa. Ndipo uvuni sudzasiya kufuka, udzangosintha mwini.

Lukiya sadzuka. Sumaiya Loweruka likubwerali akweranso phiri.

Ndagula patapata zazing'ono ndi nsapato za pulasitiki zotseka. Ndazibisa m'bokosi la zitsulo.

Loweruka, 30 Novembala

Dzulo sadaka inayenda bwino. Anthu anadya, ashehe anawerenga dua, alamu analira poyera. Misozi yeniyeni. Ndi chimene chikundivuta.

Lero bwalo la kusudzula, pakhonde la apongozi. Otsogolera Che Abdulrahim, amalume awo a Lukiya ochokera ku Ntaja, munthu wamkulu wosamva bwino khutu limodzi. Iwo okha ndikukhulupirira kuti sakudziwa kanthu. Mbali yathu Tamara ndi amalume.

Mawu okoma. Mwatisungira bwino mwana wathu. Simunamumenyepo. Ndinu omasuka, mukapeza wina mukwatire, ife tilibe mangawa. Agawa katundu. Ine zitsulo zanga, njinga, zovala, thumba limodzi la chimanga. Mwana ndi wa mbumba ya kuno, a Sadiki ndi amene amuyang'anire.

Afunsa ngati ndili ndi mawu. Ndalankhula nditakhala.

Ndati chimanga chikhale. Ndatulutsa legeni ndi patapata, ndaziika pamphasa pakati. Ndati izi ndinatola, ndikhoza kuzisiya pano, ndikhozanso kupita nazo kwa anthu ofunsa mafunso. Ndati ine sindikufuna nyumba, sindikufuna mlandu, ndikufuna mwana wanga asakwerenso phiri. Sindinakweze mawu. Sindinatchule dzina la munthu.



Che Abdulrahim atembenuza khutu labwino. "Kodi n'chiyani chimenecho?"

Apongozi ndi amene ayankha. "Zinyalala za njinga, achimwene." Kenako, osandiyang'ana, akuti iwo aganiza kuti Sumaiya ndi mwana wanzeru, sukulu ya kuno aphunzitsi ndi ochepa, bwanji akaphunzire ku Phalula kwa bambo ake, azibwera pa tchuthi. Alamu avomera msangamsanga. Akazi awo avomera. Che Abdulrahim adabwa, akuti sizichitika kawirikawiri, koma ngati eni mbumba agwirizana, iwo ndani. Atamanda banja lomvana.

Tamara amandiponda chala mpaka kutha kwa bwalo.

Legeni ndalisiya pamphasa. Apongozi alikhalira ndi chitenje. Patapata ndatenga.

Ndiye kuti nanenso ndalowa m'gulu. Mudzi wonse unatseka pakamwa chifukwa cha makala, ine ndatseka chifukwa cha mwana. Lukiya anafa ndi songo, tayala linaphulika. Ndikafunsidwa ndizinena choncho.

Lolemba, 2 Disembala

Tanyamuka. Pampu ndasiyira anyamata a kabaza, ndili ndi ina yakale. Uja wa tambala wobwereka wanyamula bokosi langa mpaka pa siteji, osalankhula nthabwala ngakhale imodzi.

Alamu sanaoneke. Akuti apita kumunda.

Apongozi atiperekeza mpaka pa mpoza. Amupatsa Sumaiya mtedza m'kansalu. Kwa ine, motsitsa, "Anali mwana wanga ndisanakudziweni inu. Lezala ndinagwira ndine. Mukuganiza kuti ndimagona?"

Ndikanati chiyani, pepani?

Ku Liwonde mvula yoyamba. Sumaiya wagona paphewa langa njira yonse, nsapato zatsopano zili kumapazi. Kuyambira pa Chingeni matumba a makala ndandanda m'mbali mwa msewu, azimayi akukupiza magalimoto. Ndamuphimba ndi jekete ngakhale anali m'tulo.

Lachinayi, 12 Disembala

Phalula. Tabzala. Malo ndapeza pafupi ndi ogulitsa tomato, njinga zilipo koma anthu sanandizolowere. Sumaiya ayamba sukulu Januwale. Amayi akumuphunzitsa kupeta. Kudya akungotola.

Lero m'mawa ndimamanga makasu pa njinga. Ndakoka legeni, lalira monga limalirira. Mwana wataya chidebe, wathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndamupeza atakhala pansi, akugwira bala lija la padzanja. Lapola, latsala chipsera. Ndaliyang'ana bwino koyamba. Si minga. Minga siluma mozungulira.

"Amayi ankafuna kumasula, ankati likuotcha. Amalume anati ndiwagwire manja, akamasula poizoni athamangira kumtima, ndiye kuti ndawapha ndine. Ndinawagwira, ababa. Ankandipempha. Kenako anandiluma, koma sindinasiye."

Izi sanandiuze tsiku lija. Izi alamu sanandiuze. Ndinagulitsa mlandu ndisakudziwa kukula kwake.

Wafunsa ngati akanachira iye akanawasiya amasule. Ndati iyayi. Ndati a Goliati, a zaumoyo, ananena okha kuti chomangidwa kale amamasula achipatala. Chimenecho si bodza. Wandiyang'ana nthawi yaitali, wakhulupirira.

Kenako wafunsa china. "Nanga ndikanathamangira kumsewu kukaitana anthu? Chigayo chimamveka. Ndinaganiza, koma ndinaopa amalume."

Ndinayenda njira imeneyo ndi mapazi anga. Mwana wothamanga akanafika madzi a tiyi asanawire.

Ndati kunali kutali. Ndati phokoso la chigayo limanyenga kuphiri, ngakhale ine wamkulu sindikanafika. Ndanena mosadodoma, ndikumuyang'ana m'maso, momwe alamu anandiyang'anira ponena za songo.

Masana wadya. Wamaliza mbale, wapempha zina. Amayi ayamika Mulungu.

Kuno nakonso mphiri zilipo, m'mizere ya chimanga, ndipo tiyamba kupalira posachedwa. Ndiyenera kumuphunzitsa. Osamanga, osatemera, osadikira. Thamanga ukaitane anthu, ngakhale akuluakulu akukalipire, ngakhale chipse chiyani. Ndiyenera. Koma mwanayu ndi wanzeru, ndikangoti thamanga adzadziwa kuti ndinamunamiza.